Ambulera ya Giriini

Anzanga, ine ndatopa. Si kutopa kwa matumba ayi, kumeneko ndinazolowera, ndimagwira ntchito pa chigayo cha mpunga ku Wovwe kuno ndipo nyengo yokolola ikafika munthu umabwerera kunyumba uli mbuu ndi fumbi la mankhusu mpaka m'makutu, msana ukulira ngati chitseko chakale. Kutopa kumene ndikunenaku ndi kofotokoza nkhani imodzimodzi kwa aliyense amene ndakumana naye panjira, poti aliyense anaimva kale koma akufuna aimvenso kuchokera pakamwa panga kuti aseke bwino. Ndiye ndati ndiinene kamodzi pano, ithe.

Zonse zinayamba ndi kudzitama kwanga. Mkazi wanga NyaMsiska anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndiye tinagwirizana kuti apite kwa amayi ake ku Ngara akadikirire kumeneko. Nkhani inatsala pa Temwa, mwana wathu woyamba, wamkazi, wa zaka zinayi, amene amapita ku sukulu ya mkombaphala ya patchalitchi pathu. Mayi ake ankafuna kupita naye. Koma tsiku lotsekera sukulu linali pafupi, ndipo Temwa anali atasankhidwa kuti adzaimirire pamaso pa makolo onse n'kutchula mitundu ya zinthu, zija za redi, yelo, buluu. Ine ndiye kutukula chifuwa.

"Musiyeni mwanayu," ndinatero. "Kodi kulera kamwana kamodzi ndi nkhani? Ndipo mitunduyo ndimuphunzitsa ndekha madzulo alionse, tsikulo anthu adzadziwa kuti uyu ndi mwana wa Kayira."

Anthu anadziwadi. Mpaka ku Ngara anadziwa.

Mayi atanyamuka ndinaganiza kuti mphunzitsi weniweni amayamba ndi buku. Loweruka ndinapita pa sitolo ya a Saidi, bambo wa ku Mangochi amene amagulitsa chilichonse pamsika pathu, kuyambira misomali mpaka zovala za kaunjika. M'belo lina la kaunjika munatuluka timabuku ta ana, ndipo pakati pake ndinapeza lenilenilo: masamba olimba ngati katoni, oti mwana atha kuluma osang'ambika, tsamba lililonse chinthu chimodzi chachikulu, apa nthochi, apa galimoto, apa ambulera, apa mpira, apa ndowa. Pansi pa chithunzi chilichonse panali mawu, koma zilembo zake, mwe, ngati nkhuku yayenda pamatope.

"A Saidi, ichi ndi chilankhulo chanji?"

Analitenga bukulo, kuliyang'ana, kulitembenuza mozondoka, kuliyang'ananso. "Bwana, Chizungu si ichi. Chiswahili si ichi. Chiarabu cha kumadrasa si ichinso. Koma zolembazo mukuzifuniranji? Ndi buku la mitundu, maso muli nawo."

Ndinavomera kuti eya, maso ndili nawo, ndinagula.

Tsiku loyamba zinayamba bwino moti ndinayamba kuganiza kuti ntchito ya kuchigayo ndinalowa molakwitsa. Tinakhala pakhonde dzuwa lisanalowe, ine ndisanasambe n'komwe, Temwa pamwendo. Nthochi: "Yelo!" Tonse tinagwirizana, ngakhale kwathu kuno nthochi timaidziwa ili mumphika ndi nyama, sitiidikira kuti ipse. Galimoto: "Buluu!" Tinagwirizananso. Mphaka: "Bulaki!" Ine m'manja phwaphwaphwa. Ndiye ndinatsegula tsamba la ambulera.

"Redi!" anatero Temwa.

"Ayi mama, yang'anitsitsa. Giriini."

"Yayi adada. Redi."

Ndinaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wodziwa zinthu. Ndinamufotokozera modekha kuti redi ndi magazi, redi ndi tomato wakupsa, koma ambulera iyi ndi yobiriwira ngati mpunga wa m'munda. Mwana anandiyang'ana, kuyang'ana ambulera, kundiyang'ananso ine, nati, "Redi." Ndinatsegula tsamba la mpira, anati giriini, ndinati wakhoza. Ndinabwereranso pa ambulera n'kumuonetsa kuti taona, mpira ndi ambulera n'zofanana, kungoti winayu ndi wowala pang'ono. Iye kupukusa mutu. Pa ndowa anati bulawuni, ine ndikuona giriini wakuda. Pa chibaluni anati pepo, ine ndikuona buluu weniweni ngati wa galimoto ija. Mumtima ndinati, eee, mwanayu ali kumbuyo chonchi? Ndiye kusukuluko amatani tsiku lonse, kumwa phala basi?

Kodi inu munayesapo kukangana ndi mwana wa zaka zinayi mutanyamula matumba a mpunga kuyambira m'mawa? Mwana satopa. Iwe mawu akutha, khosi lauma, mutu ukugunda ngati injini ya chigayo sinazime, iye akadali pomwepo, kamlomo tu, "Redi." Madzulo otsatira ndinabwera ndi chitumbuwa. Ndinati ukanena giriini, chitumbuwa n'chako. Anadya chitumbuwacho ndi maso kwa kanthawi, kenako anati giriini, anachilandira, anachimaliza, anapukuta pakamwa, nati motsitsa mawu, "Koma ndi redi."

Masiku anapita choncho. M'mawa kumusambitsa, kulimbana ndi tsitsi lake limene mpaka lero sindidziwa kuti amayi amalipesa bwanji osalirana, kumusiya kusukulu, kuthamangira kuchigayo, madzulo kukamutenga kwa aneba, kuphika, buku. Tsiku lina ndinafika nditatheratu, magetsi anali atavuta tsiku lonse, anthu odikira mpunga wawo atandilalatira ngati ndine ndimazimitsa, ndipo pa ambulera ija Temwa atangotsegula pakamwa ine ndinakweza mawu. "Iwe, wamkulu ndani pano? Ndati giriini!" Timaso ta mwana tinalengeza misozi. Kenako anaika kadzanja kake patsaya langa, nati, "Enya adada. Giriini." Kuyambira tsiku limenelo sanatsutsenso. Ine ndinagona ndi mtima wa munthu wopambana.

Chinthu chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere. Buku la mitundu lamtundu wanji lokhala ndi giriini patatu, buluu pawiri, koma lopanda redi ngakhale tsamba limodzi? Ndinabwerera nalo kwa a Saidi, sitolo itadzaza ndi amayi osankha zovala.

"A Saidi, katundu wanuyu ndi wosakwanira. Mulibe redi m'menemu."

Anatsegula, osafufuza n'komwe, kufikira pa ambulera. "Nanga iyi?"

"Imeneyo ndi giriini."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira chisoti chawo kuti chisagwe. "Inu a Kayira ndi nthabwala! Ndimayesa mwabwera ndi dandaulo lenileni." Amayi aja nawonso kuseka. Ine ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti anthu amalonda ndi omwewa, akhoza kukuuza kuti mbuzi ndi ng'ombe bola katundu asabwerere. Mukuona? Munthu wachiwiri anali atandiuza. Ine osamva.

Wachitatu anali mphunzitsi wa Temwa. Anawo amamutchula Anti Lusiya, mayi wofatsa wa ku Dedza amene anabwera kuno potsatira amuna ake, a zaumoyo aja oyenda m'midzi ndi sikelo ya ana. Ntchito ya pasukulupo amaigwira modzipereka, cholowa chake n'chochepa kwambiri. M'mawa wina anandiimitsa pakhomo.

"Bambo a Temwa, pepani, ndikulankhuleni pang'ono. Mwanayu mitundu ankaidziwa yonse, n'chifukwa chake tinamusankha. Koma masiku ano ndikakweza chinthu chofiira amangokhala chete n'kumayang'ana kuchitseko. Kodi kunyumba kuli bwino? Mwina wawasowa amayi. Ndimaganiza kuti ngati sizisintha, mwina tiike mnzake, kuopa kumuchititsa manyazi pagulu."

Anzanga, munthu wanzeru akanafunsa kuti chinthu chofiiracho n'chiti, tandionetseni. Ine ndinamva chinthu chimodzi chokha, chakuti mwana wanga amuchotsa. Ndinamuuza mayiyo kuti Temwa ndikumuphunzitsa ndekha, ndi buku lochokera kunja, ndipo ngati akusokonezeka ndiye akusokonezekera kusukulu kuno, mwina zipangizo zawozo zinasuluka ndi dzuwa. Sindinalekere pomwepo. Madzulo ake ndinakhotera kwa a Nyirenda, mkulu wa mpingo amenenso ndi wapampando wa komiti ya sukuluyo, n'kuwauza kuti mphunzitsiyu akusokoneza ana, mitundu sakuidziwa bwino, ndipo akufuna kuchotsa mwana wanga mopanda chifukwa. A Nyirenda anamvetsera atagwira chibwano.

"Nkhani yaikulu imeneyi, a Kayira. Temwa akhalebe pamalo pake. Tsikulo komiti yonse idzakhalapo, tidzaona ndi maso athu. Ngati n'zoona, tidzakambirana za mphunzitsiyo."

Ndinathokoza, yewo chomene, n'kumapita kwathu ndikuyenda ngati ndakonza dziko. Pa foni NyaMsiska akafunsa ndinkangoti zonse zili bwino, mwana akuphunzira zoopsa. Mkati mwa masiku omwewo anabereka mwana wamwamuna, ndinathamangira ku Ngara kukaona n'kubwerako, mutu wanga wonse uli pa tsiku lotsekera lija.

Tsikulo linafika ndi kutentha kwa kwathu kuno, kuja kwakuti ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama. Tchalitchi chinadzaza, malata akuthetheka pamwamba, amayi akudzikupiza ndi nsonga za zitenje, tiana titavala timikanjo ndi tizisoti ta mapepala ngati tamaliza ku yunivesite. Komiti inakhala kutsogolo kuseri kwa tebulo. Ine ndinakhala pabenchi yachiwiri, buku langa lili m'manja, kuti Temwa akaliona alimbe mtima. Ana ena anawerenga manambala, ena anaimba, kamnyamata kena kanangofika kutsogolo n'kuyamba kulira. Kenako anaitana Temwa Kayira. Anamukweza pa kampando kuti onse amuone, n'kumugwirira maikolofoni pakamwa.

Anti Lusiya anakweza kapu. "Yelo!" Anthu m'manja. Anakweza mbale. "Buluu!" M'manja. Nsapato. "Bulaki!" Mayi wina kumbuyo mpaka nthungululu. Ine ndikuyang'ana uku ndi uku kuti anthu aone bambo wake ndi uti.

Kenako mphunzitsi anakweza beseni la pulasitiki. Temwa analiyang'ana. Anayang'ana Anti. Kenako timaso take tinayenda m'mabenchi mpaka kundipeza ine. Ndinamugwedezera mutu, kumuonetsa buku. Mwana anapuma mozama ngati munthu wamkulu amene wasenza katundu, nati, "Giriini."

Ndinaomba m'manja mwamphamvu, ndili n'chimwemwe chodzaza tsaya, ndipo panapita kanthawi ndisanazindikire kuti m'tchalitchi chonsecho woomba m'manja ndinali ndekha.

"Tayesanso, Temwa," anatero Anti Lusiya mofatsa. "Yang'ana bwinobwino."

Apa ndiye pamene ndikanangokhala pansi. Mwendo wanga womwewu ukanandimvera, bwenzi lero ndikuyenda momasuka pamsika. Koma ndinaimirira.

"Ayesenso chiyani? Mwana wanena zoona!" Ndinapita kutsogolo, kudutsa pakati pa tiana tija, n'kutembenukira kwa makolo. "Abale anga, izi n'zimene ndinadandaula kwa a wapampando. Mwana akuyankha bwino, mphunzitsi akuti walakwa. Beseni ili aliyense akuliona, ndi giriini. Onani m'buku umu," ndinatsegula pa ambulera n'kulikweza m'mwamba pafupi ndi beseni, "buku lochokera kunja ili, mtundu womwewo, giriini! Kapena ndikunama?"

Anthu anayang'anizana. Kenako kumbuyo wina anatsamwa, wina anatsatira, kenako tchalitchi chonse chinagwedezeka. Amayi akugwirana mapewa, abambo ena aweramira pansi, ndipo ine, mundikhululukire, ndinkaganiza kuti akuseka mphunzitsi. Ndinamumvera ngakhale kachisoni pang'ono.

A Nyirenda anaimirira, anakweza dzanja kuti anthu akhale chete, koma iwonso akulimbana ndi kuseka. Anagwira nsalu imene inayalidwa patebulo la komiti. "A Kayira, tithandizeni. Nsalu iyi ndi yamtundu wanji?"

"Giriini."

Anatola tsamba la mango limene ana anakongoletsera tebulo n'kuliika pansaluyo. "Nanga tsamba ili?"

"Giriini. A wapampando, mukundiyesa mwana?"

"Ndiye nsalu ndi tsamba n'zofanana?"

"Kusiyana kwake n'kochepa."

A Nyirenda anakhala pansi pang'onopang'ono n'kubisa nkhope m'chipewa. Ndinayang'ana nkhope za anthu, anthu oti timapemphera limodzi, ena oti ndimawapunthira mpunga, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene ankayang'ana mphunzitsi. Onse ankayang'ana ine.

Anti Lusiya anagwada pafupi ndi Temwa. Maikolofoni ija inali ikadali pakamwa pa mwana.

"Temwa, usaope. Beseni ili ndi lamtundu wanji?"

"Redi."

"Nanga bwanji unati giriini?"

Mwana wanga, magazi anga, amene ndinamusambitsa ndi manja angawa m'mawa womwewo, analankhula momveka bwino mpaka panja pamene panaima a kabaza anamva. "Chifukwa adada alipo. Adada sanafike pa redi. Akadali pa yelo ndi buluu. Ndikuwaphunzitsa, koma amabwera atatopa."

Chiphokoso chimene chinabuka pamenepo sindingathe kuchifotokoza. Koma Temwa sanamalize. Anakweza kachala m'mwamba, ndendende mmene amachitira mphunzitsi wake m'kalasi, nati mokalipa, "Osaseka! Mnzathu akalakwa sitiseka. Timamuombera m'manja kuti ayesenso."

Ndipo tiana tonse tija, timikanjo tawo, tizisoti tawo, tinatembenukira kwa ine n'kuyamba kuomba m'manja mwa dongosolo, mogwirizana, nkhope zili zachifundo. Ngakhale kamnyamata kolira kaja kanasiya kulira n'kuomba nawo. Ine chiimire pakati pa tchalitchi, bambo wa ana awiri, buku lili m'mwamba chifukwa ndinaiwala kutsitsa mkono. Kodi munthu zikatero umatani? Umagwada? Umathokoza? Ine ndinangoti yewo, n'kubwerera pabenchi yanga, ndipo mwambo unatenganso nthawi yaitali usanathe, nthawi yonseyo mayi amene ndinakhala naye pafupi akugwedezeka mwakachetechete ngati wagwidwa malungo.

Potuluka anandipeza amuna ake a Anti Lusiya, a zaumoyo aja. Ndinkayembekezera kuti andilalatira chifukwa cha zimene ndinawanenera akazi awo, koma anangonditengera pambali pansi pa mtengo.

"Achimwene, musadandaule kwambiri, si matenda oopsa ayi. Alipo anthu, makamaka amuna, amene amabadwa maso awo osatha kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Ambiri amakula osadziwa, poti anangoloweza kuti magazi ndi ofiira, masamba ndi obiriwira. Mukapeza mpata mukapimitse kuchipatala."

Ndinapitadi patapita masiku. Anandionetsa mapepala a timadonthomadontho n'kundifunsa kuti ndikuona nambala yanji. Nambala? Ine ndinkangoona ngati wina wamwaza mphodza. Adokotala anati mankhwala ake palibe, ndinabadwa choncho, ndidzafa choncho, ndipo anandifunsa ngati zimandisokoneza pa ntchito. Ndinati ayi, mpunga ndi woyera. Anati ndiye thokozani Mulungu.

Chovuta kuposa chipatala chinali kupita kwa Anti Lusiya. Mayi uja ntchito yake ndinaiika pachiswe chifukwa cha ambulera. Ndinasenza kathumba ka mpunga wa kilombero wabwino uja, kudutsa nako pamsika anthu akundikuwa kuti a Kayira thumbalo ndi lamtundu wanji, mpaka kukafika pakhomo pake. Ndinapepesa pamaso pa amuna ake, ndinakapepesanso pamaso pa komiti. Iye anangoti, "Zinatha, bambo a Temwa. Koma mwana wanuyo musamalireni, ali ndi mtima wabwino. Masiku onse aja ankasankha kukhala chete m'kalasi kusiyana ndi kunena kuti bambo ake alakwitsa." Mawu amenewo anandilasa kuposa kuseka konse kwa m'tchalitchi. Madzulo ake ndinamukhazika Temwa pamwendo n'kumuuza kuti ambulera ija ndi redi, iye ndiye ankanena zoona, ndipo ndinalakwa kumukalipira. Anandisisita pamutu nati, "Mwakhoza, adada."

Ndinkaganiza kuti zathera pamenepo. Ndinaiwala kuti NyaMsiska sanabwere.

Anafika ndi khanda kumapeto kwa sabata imeneyo, nkhani itamupeza kale ku Ngara kudzera kwa amayi ogulitsa usipa. Titalowa m'nyumba anagoneka mwana, anakhala pampando, anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka, kuseka kogwira pamimba uku akudandaula kuti ndimupweteka, sanachire bwino.

"A Kayira, ndiye zaka zonsezi! Ine ndinkati ndi nkhanza. Ndikakutumani tomato mumabwera ndi waiwisi, ndinkati mukusankha wotchipa. Nyama mukaotcha mumatipatsa ikuchucha magazi, ndinkati ndi ulesi. Mpaka ndinakadandaulapo kwa amayi kuti bambowa sandiganizira."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinakuuzani kangati? Munkati ndimakonda kulongolola." Anapukuta misozi. "Ndiye imani kaye. Nyumba ino, penti munagula nokha ija, mumati ndi yamtundu wanji?"

Nyumba imeneyi ndinamanga ndi thukuta langa, penti ndinakasankha ndekha ku Karonga kutauni iye ali kumunda, ndinapaka ndekha, ndipo ndakhala ndikuinyadira.

"Buluu wowala," ndinatero motsitsa. "Ngati kumwamba m'mawa."

NyaMsiska anatsetsereka pampando mpaka kukhala pansi.

"Ndi pinki, a Kayira. Pinki weniweni, wa diresi la mwana wamkazi. Ine ndinangoti mwina bambowa ndi mmene amakondera, ndisawakhumudwitse. Simumva a kabaza akamalozera anthu njira kuti mukafika pa nyumba ya pinki mukhotere kumanja?"

Ndinkamva. Zaka zonsezi ndinkamva, ndipo ndinkadabwa kuti nyumba ya pinkiyo ili pati m'dera lathu lino poti ine sindinaionepo, ndipo tsiku lina ndinanenapo pagulu, kuchigayo, kuti mwamuna wopaka nyumba yake pinki ndiye kuti m'nyumbamo alibe mawu. Anzanga onse aja anavomereza ndi mitu, osaseka ngakhale pang'ono. Anthu oipa!

Ndiye ndalumbira, ndipo inu mukhale mboni. Ine Kayira sindidzaphunzitsanso mwana aliyense mtundu wa chinthu chilichonse. Wakhandayu akadzakula ndidzamuphunzitsa kumanga thumba, kupalasa njinga ndi kupereka moni kwa akulu, zamitundu akafunse mlongo wake. Sindidzagulanso penti, sindidzagulanso tomato, ndipo munthu wamng'ono akadzandiuza kachitatu kuti yayi adada, ndidzayamba ndakhala pansi. Nyumbayo sindiipakanso, mphamvu ndilibe, komanso kwa ine ikuoneka bwinobwino. Mukadzafika ku Wovwe n'kufuna kundiona, musadzavutike ndi dzina langa, mudzangouza wa kabaza kuti ku nyumba ya pinki. Mudzandipeza nditakhala pakhonde la nyumba ya buluu.